Za Kamangidwe ka Blockchain Yoyeserera

Makono ano mawu akuti blockchain amveka ponseponse. Ena amawatchula pa wailesi, ena pa mafoni, ndipo ena amawatchula pofuna kukopa anthu kuti aponye ndalama zawo m'malonda osaoneka ndi maso. Koma mukafunsa kuti kodi chinthucho n'chiyani, ambiri amangoti ndi ndalama za pa intaneti. Yankho limeneli n'loperewera. Blockchain ndi kaundula, ndipo ndalama ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimene zingalembedwe m'menemo. M'nkhani ino ndifuna kulongosolera anzanga ndi aphunzitsi athu m'mene ophunzira angamangire kaundula wotere wawowawo, woyeserera chabe, pa makompyuta anayi a m'chipinda chimodzi, osataya ngakhale tambala.

KAUNDULA WOSUNGIDWA NDI ANTHU AMBIRI

Tiyambire kumudzi. Aliyense wa ife amene anakulira ku Namitambo, ku Namadzi kapena ku Mbulumbuzi adziwa banki mkhonde. Njira imeneyi anaiyamba a bungwe la CARE ku Niger m'chaka cha 1991, ndipo lero yafika m'midzi yambiri ya kuno kwathu. Bokosi la gulu limakhala ndi maloko atatu. Makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sakhala ndi kiyi. Ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse, ndipo masheya a munthu aliyense amadindidwa m'kabuku kake. Nanga n'chifukwa ninji amayi athu amadzivuta chotere? N'chifukwa chakuti safuna kuti munthu mmodzi, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, akhale ndi mphamvu yosintha mawerengero ali yekha usiku.

Blockchain ndi nzeru yomweyi, koma yoikidwa m'makina, ndipo yaimira pa mafuwa atatu. Loyamba ndi lakuti kaundula sakhala pamalo amodzi. Kompyuta iliyonse ya m'gulu imasunga kaundula yense wathunthu. Lachiwiri ndi lakuti zolemba zimaikidwa m'masamba, amene pa Chingerezi amatchedwa block, ndipo tsamba lililonse limanyamula chidindo cha tsamba limene lili kumbuyo kwake, kotero kuti masamba onse amalumikizana ngati unyolo. Lachitatu ndi lakuti palibe tsamba limene limalowa m'kaundula makompyuta a m'gulu asanagwirizane.

Chidindo chija chifunika kuchimvetsa bwino, pakuti mphamvu ya unyolo wonse ili pamenepo. Akatswiri amachitcha hash. Pali masamu ena amene amalandira mawu aliwonse, ochepa kapena odzaza buku, n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala wautali wofanana nthawi zonse. Masamu otchedwa SHA-256 amatulutsa zizindikiro 64. Mukawapatsa zilembo zitatu izi, abc, chidindo chake chimayamba ndi ba7816bf, ndipo chidzatero pa kompyuta iliyonse, ku Chiradzulu kapena ku London. Koma mukasintha chilembo chimodzi chokha, chidindo chonse chimasinthiratu. Tsono taonani chimene chimamgwera wakuba. Akasintha nambala pa tsamba lachisanu, chidindo cha tsambalo sichigwirizananso ndi chimene chinalembedwa pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Akakonza pamenepo, tsamba lotsatira nalonso limamtsutsa, mpaka kumapeto. Ndipo ngakhale atakonza masamba onse pa kompyuta yake, makompyuta a anzake akali ndi kaundula weniweni.

Nzeru yolumikiza zolemba ndi zidindo anailongosola Stuart Haber ndi W. Scott Stornetta m'chaka cha 1991. Mu 2008 wina wodzitcha Satoshi Nakamoto analemba za ndalama ya Bitcoin, ndipo tsamba lake loyamba linalembedwa pa 3 January 2009. Pa 30 July 2015 panabadwa Ethereum, imene inaonjezapo chinthu chatsopano: timapologalamu tokhala m'kaundula momwemo, tochita zimene anthu anapangana popanda wina wotikankha. Timeneti tizititcha mapangano odziyendetsa okha.

YA ALIYENSE NDI YA GULU LOCHEPA

Blockchain zili za mitundu iwiri. Bitcoin ndi Ethereum ndi za aliyense. Munthu safunsa chilolezo kuti alowemo. Pa Bitcoin makina a padziko lonse amapikisana pa masamu ovuta, ndipo wopambana ndiye amalemba tsamba, pafupifupi mphindi 10 zilizonse. Mpikisano umenewu umadya magetsi ochuluka zedi. Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi: ku Bondo, m'boma la Mulanje, kampani ya ku Kenya yotchedwa Gridless inaika makina otere m'chaka cha 2023, ogwiritsa ntchito magetsi otsala a pa mtsinje wa Lichenya. Ethereum inasiya mpikisano wa mtundu umenewu pa 15 September 2022.

Mtundu wachiwiri ndi wa gulu lochepa, la anthu kapena mabungwe odziwana mayina. Kumeneku kulibe mpikisano. Makompyuta angapo amasankhidwa kukhala mboni, ndipo amasinthana polemba masamba, ena n'kumavomereza. Bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP linayesa blockchain ya Ethereum ku Pakistan mu January 2017 pa anthu 100, ndipo mu May chaka chomwecho linayamba kulembera m'kaundula wa gulu lochepa chithandizo cha anthu othawa nkhondo 10,000 pa msasa wa Azraq ku Jordan. Kuno kwathu, mu December 2017, makampani a Unilever ndi Sainsbury's pamodzi ndi mabanki a Barclays, BNP Paribas ndi Standard Chartered analengeza kuti ayesa kulondola tiyi wa alimi ang'onoang'ono a m'Malawi pogwiritsa ntchito blockchain. Onani kuti onsewa anayamba ndi kuyesa pang'ono.

CHIFUKWA CHOYAMBA TAYESERERA

Mlimi wa tomato safesa mbewu m'dimba lonse tsiku loyamba. Amayamba wafesa pa nazale, pamene angathirire, kuzula ndi kufesanso popanda kutaya zambiri. Netiweki yoyeserera ndiyo nazale ya blockchain, ndipo kufunika kwake n'kwakukulu chifukwa cholembedwa pa blockchain yeniyeni sichifafanizika. Mu June 2016 pangano lodziyendetsa lokha lotchedwa The DAO linali ndi polakwika pamodzi, ndipo munthu wina anatulutsira pamenepo ndalama za ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Mu November 2017 polakwika pena m'pologalamu ya kampani ya Parity panatsekereza ether oposa 500,000, eni ake osathanso kuwatulutsa. Zolakwa zotere n'zofunika kuzipeza ndalama zikali zamasewera.

Alipo manetiweki oyeserera a aliyense, monga Sepolia, koma amenewa amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo malamulo ake anaika ndi anthu ena. Netiweki ya inu nokha ili ndi ubwino uwu: muimanga kuchokera pa tsamba loyamba, muona ndi maso anu m'mene makompyuta amagwirizanirana, ndipo ikaonongeka mufafaniza zonse n'kuyambanso.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Mufunika makompyuta anayi, mawaya a netiweki, ndi rauta kapena switch yolumikizira makompyutawo. Mufunikanso pologalamu yaulere yotchedwa Besu, imene imalankhula chiyankhulo cha Ethereum ndipo inalowa m'gulu la Hyperledger m'chaka cha 2019. Besu inalembedwa m'chiyankhulo cha Java, chotero Java iyenera kuikidwa poyamba. Intaneti ifunika potenga mapologalamuwa basi. Ntchito yotsalayo imayenda popanda intaneti. Malangizo ambiri akale amanena za pologalamu ya Geth ndi njira yake ya Clique, koma kuyambira mu 2024 Geth yatsopano inasiya njira imeneyo, ndipo wotsata malangizowo angataye nthawi pachabe. Pa Besu njira yogwirizanirana imene tigwiritse ntchito imatchedwa QBFT.

MAMANGIDWE AKE

Choyamba ndi msonkhano, makina asanayatsidwe. Tiyerekeze kuti Fomu 1, Fomu 2, Fomu 3 ndi Fomu 4 atenga kompyuta imodziimodzi. Magulu anayiwa agwirizane: kodi mboni ndi ziti, tsamba latsopano lizilembedwa pakapita nthawi yotani, ndipo aliyense ayamba ndi ndalama zamasewera zingati? Izi zifanana ndi malamulo amene banki mkhonde amalemba pa tsiku loyamba. Muonetsetsenso kuti mawotchi a makompyuta onse akugwirizana, pakuti tsamba lililonse limanyamula nthawi imene linalembedwa.

Chachiwiri ndi makiyi. Kompyuta iliyonse imapanga kiyi wachinsinsi, amene ali nambala yaitali kwambiri. Kuchokera kwa kiyi ameneyu masamu amatulutsa kiyi woonekera ndi keyala, koma palibe angabwerere m'mbuyo kuchokera ku keyala n'kupeza kiyi wachinsinsi. Keyala mungaipereke kwa aliyense, monga m'mene tiperekera nambala ya bokosi la ku positi. Kiyi wachinsinsi ndiye siginecha yanu. Besu ili ndi chida chotchedwa generate-blockchain-config chimene chingapange makiyi onse anayi pa kompyuta imodzi. Njira imeneyi ndi yachangu, koma wopangayo ndiye kuti waona makiyi a anzake onse. Chabwino n'chakuti gulu lililonse lipange kiyi wake, n'kupereka woonekera yekhayo.

Chachitatu ndi tsamba loyamba, limene limatchedwa genesis, monga buku loyamba la m'Baibulo. Ndi fayilo yaing'ono m'mene mumalembedwa zonse zimene munagwirizana pa msonkhano uja. Mumalembedwa nambala ya netiweki, yotchedwa chainId: ya Ethereum yeniyeni ndi 1, ya Sepolia ndi 11155111, ndipo oyeserera ambiri amasankha 1337. Nambalayi imalowa m'siginecha iliyonse, kuti chimene mwasaina pa nazale chisakagwire ntchito pa netiweki ina. Mumalembedwanso makeyala a mboni zinayi, masekondi a pakati pa masamba, monga 2, ndi ndalama zoyambira za aliyense. Pamenepa mungadzipatse mamiliyoni mmene mufunira, pakuti n'zopanda mtengo. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Fayilo imeneyi muikopere pa fulashi n'kuiika pa makompyuta onse anayi, osasinthamo kanthu.

Chachinayi ndi kuyatsa kompyuta yoyamba. Besu ikayamba imaonetsa mzere wautali woyamba ndi mawu akuti enode. M'menemo muli kiyi woonekera wa kompyutayo, nambala yake ya pa netiweki, ndi khomo lolankhulirana ndi makompyuta ena, limene mwa chizolowezi ndi 30303. Pano pali msampha. Ngati simunaiuze Besu nambala yeniyeni imene rauta yapatsa kompyutayo, idzalengeza 127.0.0.1, nambala imene kwa kompyuta iliyonse itanthauza kuti "ine ndemwe". Makompyuta ena akalandira nambala imeneyo adzakhala akugogoda pa khomo la nyumba zawo zomwe.

Chachisanu ndi kuyatsa makompyuta atatu otsalawo, iliyonse n'kuipatsa enode ya yoyamba ija. Yoyambayo imachita ngati mwini mudzi wolandira alendo: imawaonetsa anzawo, kenaka iwo amalankhulana okha. Pakayaka makompyuta awiri mudzaona kuti apezana, koma palibe tsamba lolembedwa. Ikangolowa yachitatu, manambala ayamba kukwera pa magalasi onse pamodzi, 1, 2, 3, masekondi awiri aliwonse. Pamenepo netiweki yabadwa.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chikwama. Besu ili ndi khomo lina, la 8545, limene mukalitsegula mapologalamu ena amalankhulirapo ndi kaundula. Chikwama chonga MetaMask mungachiuze nambala ya kompyuta, khomo limeneli ndi chainId yanu, ndipo chidzaonetsa ndalama zamasewera zija.

Chachisanu ndi chiwiri ndi mpanda. Musaganize kuti netiweki ndi yobisika chifukwa chakuti ili ndi nambala yakeyake. Aliyense amene ali ndi fayilo ya genesis ndi waya wofika pa rauta angathe kulowa n'kuwerenga kaundula yense, ngakhale sangalembe masamba. Chotero Besu imalola kulemba mndandanda wa makompyuta ololedwa, ndipo amene sali pa mndandandawo amabwezedwa. Mboni yatsopano nayonso siilowa mwa yokha. Imalandiridwa mboni zoposa theka zikaivotera.

MAYESO OYENERA KUCHITA

Nazale ilipo kuti tiyesepo zinthu, tsono musaope kuiononga. Fomu 1 itumize ndalama 10 kwa Fomu 2, ndipo muone ngati makompyuta onse anayi akunena zofanana. Kenaka wina ayese kutumiza zoposa zimene ali nazo; adzakanidwa. Pambuyo pake zimitsani kompyuta imodzi. Masamba adzapitirira kulembedwa, ndipo mukaiyatsanso idzafunsa anzake masamba amene inaphonya mpaka kuwapeza. Tsopano zimitsani ziwiri. Netiweki idzaima, osalemba kanthu, kufikira imodzi itabwerera. Pomaliza, pa kompyuta imodzi sinthani ndalama zoyambira m'fayilo ya genesis n'kuiyambitsa mwatsopano. Anzake adzaikana ngati mlendo, chifukwa chidindo cha tsamba lake loyamba chasiyana ndi chawo.

Kodi n'chifukwa ninji zitatu zikwanira koma ziwiri ayi? Pa QBFT tsamba limalandiridwa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a mboni atalisaina, ndipo pa mboni zinayi ndiye kuti pafunika zitatu. Funso limeneli analisanthula Leslie Lamport, Robert Shostak ndi Marshall Pease m'chaka cha 1982, pofanizira ndi akazembe ankhondo amene ayenera kugwirizana pamene wina mwa iwo ali kazitape, wouza uyu zina ndi uyo zina. Kuti gulu lipirire wabodza mmodzi pafunika mboni zinayi, ndipo kuti lipirire abodza awiri pafunika zisanu ndi ziwiri. Netiweki imasankha kuima m'malo molemba chinthu chokayikitsa, monga m'mene bokosi la banki mkhonde silitsegulidwa wosunga kiyi mmodzi akapita ku maliro.

Magetsi akazima mudzaphunzira phunziro lina mwaulere. Makompyuta anayi a m'chipinda chimodzi amazima pamodzi. Kaundula satayika, pakuti amasungidwa pa disiki, koma ntchito imaima. N'chifukwa chake pa ntchito yeniyeni mboni zimaikidwa m'malo otalikirana.

ZIMENE BLOCKCHAIN SINGATHE

Apa ndipo pagona nkhani. Blockchain imateteza chimene chalembedwa, koma siidziwa ngati cholembedwacho n'choona. Mlimi wa kuno ku Chiradzulu akabwera ndi thumba la nandolo lolemera makilogalamu 50, kalaliki wa pa sikelo n'kulemba 40, mboni zonse zinayi zidzasaina 40, ndipo bodzalo lidzasungidwa mosamala kwa zaka zambiri. Makina saona sikelo. Maso a anthu ndi amene afunika pamenepo.

Chinanso n'chakuti mphamvu yonse ili pa makiyi. Makiyi anayi akakhala m'thumba la munthu mmodzi, ndiye kuti pali mboni imodzi yovala malaya anayi, ndipo munthuyo angalembe kaundula mwatsopano mmene afunira. Wina akakuuzani kuti ntchito yake ndi yodalirika chifukwa ili pa blockchain, mufunseni mafunso atatu: mboni zilipo zingati, ndi ndani, ndipo amasunga makiyi ndani? Akalephera kuyankha, dziwani kuti bokosi lake lili ndi loko mmodzi. Kumbukiraninso kuti kiyi wachinsinsi akatayika palibe ofesi yokadandaulako, ndipo akabedwa wakubayo amasaina m'dzina lanu.

Popeza cholembedwa sichifafanizika, musalembemo mayina a anthu, zotsatira za mayeso, kapena za matenda a munthu, ngakhale poyeserera. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la chaka cha 2024, ndipo ndi bwino kuzolowera khalidwe labwino tikali pa nazale. Gwiritsani ntchito manambala ongopeka.

Za ndalama nazo tinenepo poyera. Ndalama za pa netiweki yoyeserera sizigula ngakhale chitumbuwa. Amene wamanga netiweki yake amazindikira msanga kuti kudzilembera mamiliyoni n'kosavuta, ndipo sanyengeka wina akamuonetsa manambala aakulu pa foni n'kumuuza kuti aponye ndalama za fizi zidzaswana. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inachenjeza anthu kuti ndalama zonga Bitcoin si ndalama zovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso si ntchito iliyonse imene ifuna blockchain. Kaundula wa mabuku a mu laibulale, amene amasungidwa ndi mphunzitsi mmodzi wodalirika kwa onse, akwanira kukhala m'kope kapena pa kompyuta imodzi. Blockchain imathandiza pamene pali magulu angapo ofuna kaundula mmodzi, monga alimi, ogula ndi banki, koma palibe gulu limene lifuna kusiyira linzake cholembera.

MAWU OTSIRIZA

Anzanga, ntchito imene ndalongosolayi siifuna makina odula kapena ulendo wa kunja. Ifuna makompyuta anayi, masana angapo a Loweruka, chilolezo cha aphunzitsi oyang'anira chipinda cha makompyuta, ndi kudekha powerenga zimene makina akulemba pa galasi. Ndipempha aphunzitsi athu kuti atilole kuyesa, ndipo ndipempha Fomu iliyonse kuti isankhe wosunga kiyi wake, anyamata ndi atsikana omwe. Tsiku lina dziko lathu lingadzafune kulemba za malo, za mbewu kapena za ziphaso za maphunziro m'kaundula wotere. Pa tsikulo padzafunika Amalawi odziwa kuwerenga tsamba loyamba ndi kufunsa amene akusunga makiyi, asanasaine pangano lililonse. Tiyeni tiyambe kuphunzira tsopano, pamene kulakwa sikutitayitsa kanthu.

Wophunzira wa Fomu 3